Madampa atatu a bambo a Tadala anawataya ku sikirapu

Linali Lachinayi, nthawi ili 2:40 masana, masabata asanu apitawo. Mwini galaja anandiuza kuti zitsulo za malemu amuna anga anazitaya. Anayankhula akutafuna sangweji. Sanaimirire n'komwe.

Ndikulemba kuti Amalawi anzanga a mu London muno mumve. Ndinena monga zinachitikira. Pamene ndinalakwa ine ndinenanso, sindibisa.

Amuna anga, bambo a Tadala, anamwalira chaka chatha mu Epulo. Ankagwira ntchito yokankha odwala pa chipatala. Anagwa pa siteji ya basi ku Thamesmead kuno, akupita ku shifiti ya m'mawa. Unali mtima. Tinakawaika kwathu ku Ntcheu, ine n'kubwerera ku ntchito yanga ya keya, yosamalira anthu.

Anandisiyira galimoto. Amene munkawadziwa mukuidziwa, chifukwa munthu sunkamwa nawo tiyi osamva za iyo. Ndi ya ku America, ya 1968, yobiriwira, yaitali moti pokhota umachita kuipepesa. Chiwongolero chili kumanzere. Anaigula itatheratu ndi dzimbiri. Zaka khumi ndi chimodzi akuikonza mu kagalaja ka lendi kuseri kwa mafulati athu. Injini anamaliza. Mipando anamaliza. Penti anamaliza. Panatsala ntchito imodzi.

Pansi pa galimotoyi pali chitsulo chachitali ngati paipi, chimene chimatenga mphamvu ku giyabokosi kukapereka ku matayala akumbuyo. Amati shafuti. Kumutu kwa shafutiyo, pamene imalowa mu giyabokosi, pamakhala kachitsulo kena kokhala ndi mkombero wolemera, pakati pake pali labala. Amati dampa. Bambo a Tadala anandiuza kuti dampa ili ngati nkhata. Mtolo ndi womwewo, koma mutu sumva kuwawa. Popanda iyo galimoto ikathamanga imanjenjemera.

Madampa a galimoto imeneyi anasiya kupanga kalekale. Umachita kusaka akale. Amuna anga anaitanitsa katatu kuchokera ku America, pa zaka zisanu ndi chimodzi. Yoyamba sinali yake. Yachiwiri sinalinso yake. Yachitatu inafika mu Malichi chaka chathacho. Anaitsegulira pa tebulo la kukhitchini, n'kuisuzumira m'kati ndi tochi, milomo ikuyenda. Kenako anaimirira n'kuvina, munthu wamkulu wa imvi.

“Mayi a Tadala, iyi ndiye yake! Isitala ikangodutsa ndimanga, ndikupititseni ku tchalitchi ngati mkazi wa nduna.”

Isitalayo sanaione.

Kwathu munthu akamwalira atasiya munda pakati, otsala amamalizitsa mizere. Sitisiya munda wa malemu uli theka kuti odutsa aziloza. Ndiye ndinatsimikiza mtima. Pa mapemphero okumbukira kuti atha chaka, ku tchalitchi kwathu ku Peckham, galimoto ija ikafike yokha ndi matayala ake, itavala dampa imene iwo anaivinira.

Tsopano kulakwa kwanga.

Mu Januwale ndinatsegula kagalaja kaja koyamba. Ndinali ndi mayi Chirwa, mnzanga wa ku tchalitchi. Madampa onse atatu anali pa shelefu, akuda bii ndi girisi, iliyonse itamatidwa katepi ka pepala kolembedwa ndi dzanja la amuna anga. Mayi Chirwa anagwira imodzi ndi zala ziwiri.

“Iii, mayi, zinthu za malemu mukapereke kwa azungu zili chonchi? Atiseka. Aziti mkazi wake ndi wauve.”

Ndinaona kuti akunena zoona. Tinazinyamulira m'beseni kupita nazo ku fulati. Madzi otentha, sopo, chitsulo chokwechera mapoto. Tinakwecha. Zinawala. Timatepi tija tinasanduka phala n'kupita ndi madzi mu sinki. Titaziyanika pa thaulo m'pamene ndinaona vuto. Zitatu zonse zinali nkhope imodzi.

“Mayi Chirwa, yabwino ija ndi iti?”

“Si zonse zabwino? Taonani kuwala kwake.”

Ndinakhala pansi.

Ndiye ndinkafuna munthu wodziwa, woti ayang'ane zitatuzo n'kunena kuti ya galimoto iyi ndi iyi. Basi. Ndinapeza galaja ina kumafakitale cha kumtsinje, mphindi makumi awiri pa basi. Dzina sinditchula pano. Pa chikwangwani analemba ndi zilembo zazikulu kuti iwo ndi akatswiri a magalimoto akale a ku America. Mbendera anajambula. Chiwombankhanga anajambula.

Lolemba loyamba la Malichi, 9:15 m'mawa, lole inatsitsa galimoto pa galajapo. Ine ndinafika ndi madampa atatu, iliyonse m'thaulo lake, onse nditamanga m'chitenje. Mwini galaja ndi mwamuna wonenepa wa ndevu zofiirira. Ndinamufotokozera zonse ndi Chingerezi changa chomwechi. Ndinati amuna anga anamwalira. Ndinati imodzi mwa izi ndiye yake, ziwiri si zake, mapepala ndinatsuka ndine. Ndinati mupeze yakeyo mumange, ziwiri zotsalazo mundibwezere.

Anati ndisadandaule, dalingi, ntchito imeneyi kwa iye ndi masewera.

Ine ndili ndi zaka 58. Dalingi wa ndani?

Ndinamupempha kuti alembe zimene tagwirizana. Anaseka, n'kukanda mizere iwiri pa kapepala, n'kukaponya mu dirowa. Madampa aja anawaika pansi pafupi ndi chitseko, pambali pa mgolo wa zinyalala. Ndinawatola ndekha n'kuwaika pa tebulo lake. Anati sabata imodzi yokwana.

Sabata yoyamba, zii. Lachisanu 11 koloko ndinaimba. Mtsikana wa pa foni anati akuiyang'ana.

Sabata yachiwiri anati bwana apita ku chionetsero cha magalimoto.

Sabata yachitatu anati akudikira zitsulo. Zitsulo ziti? Ine si ndinabwera nazo zitatu m'chitenje? Mtsikanayo anati iye amangowerenga zimene zili pa kompyuta.

Sabata yachinayi ndinapita ndekha nditaweruka, 3:30 masana. Galimoto inali panja, pa mvula, windo limodzi lili yasa. Mpando umene amuna anga anasoka ndi manja awo unali utanyowa. Pa boneti wina anasiya kabokosi ka tchipisi. Ndinachotsa, ndinapukuta ndi mpango wanga, ndinakweza windo. Kenako ndinalowa n'kumufunsa bwanayo kuti mwa zitatu zija yapezeka yake ndi iti.

Anati zonse n'chimodzimodzi.

Ndinati ngati zonse n'chimodzimodzi, ndiye kuti amuna anga anali opusa pogula katatu? Anayang'ana pa foni yake. Anati yatsala pang'ono, dalingi.

Mapemphero anali Lamlungu la kumapeto kwa sabata yachisanu. Lachisanu lake, 4:30 madzulo, anaimba kuti yatha. Ine sindiyendetsa, ndiye ndinapempha a Mbewe. A Mbewe ndi mkulu wa mpingo kwathu. Anabadwira pa famu ku Zimbabwe, makolo awo anali a ku Dedza, ndipo kuno anapuma pa ntchito yokonza mabasi. Ndinalipira mapaundi 640. Ndinafunsa madampa awiri otsala aja. Mtsikana anati ali mu sitolo, bwana wapita ndi makiyi, ndibwere sabata yamawa.

Kuchoka pa galaja kufika kunyumba ndi timisewu toyenda pang'onopang'ono. Galimoto inayenda bwino. Injini ikulira monga inkalirira iwo akaiyesa. Ndinalira njira yonse.

Lamlungu tinanyamuka 9:10. Ndinavala bulauzi yoyera. A Mbewe anavala suti. Titalowa mu msewu waukulu wochoka ku Thamesmead, anaponda pang'ono. Muvi wa liwiro utafika pa 45, zinayamba. Poyamba kunali kung'ung'udza pansi pa mapazi. Kenako mpando. Kenako galasi loonera kumbuyo linayamba kuvina moti simukanaonamo kanthu. Buku langa la nyimbo linatsetsereka pa miyendo n'kugwa. Mano anga ankagundana.

A Mbewe anapatuka cha ku Plumstead n'kuimika. Anavula jekete n'kundipatsa. Munthu wa zaka zopitirira 70, wa mawondo ovuta, anagona pa tala ndi thalauza la suti n'kulowa pansi. Anatuluka dzanja lili mafuta okhaokha.

“Amayi, munati anamanga dampa?”

“Eya.”

“Palibe dampa apa. Amanga chitsulo chatsopano, chopanda mkombero. Komanso n'chachifupi. Mu giyabokosi changolowa chonchi.” Anandionetsa zala ziwiri. “Ichi chikapulumuka tili pa liwiro, shafuti ibaya msewu, galimoto n'kudumphira m'mwamba. Ine sindiyendetsanso. Ndili ndi zidzukulu.”

Tinaisiya pomwepo. Tinakwera basi.

Ku Peckham tinafika 11:05. Mapemphero anayamba 10:30. Anthu anabwera kuchokera ku Wembley, ena kunja kwa London. Ndinamva kuti azibambo anaima panja theka la ola, mafoni m'manja, kudikira kujambula galimoto ya mnzawo ikukhota pa kona. Abusa anachita kuwaitana kuti alowe. Pamene ndimalowa ine, dzina la amuna anga linali litatchulidwa kale. Mayi wamasiye kuchedwa pa mapemphero a mwamuna wake. Ndinakhala pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi a Mbewe onunkha oyilo.

Potuluka aliyense funso limodzi. Galimoto ija ili kuti, mayi? Ndinkangoti yadwala.

Lolemba ndinalipira lole ina kuti ibweze galimoto ku kagalaja kathu, n'kupita ku galaja kuja. Bwana kulibe. Lachiwiri foni inangoitana. Lachitatu ndinali ndi shifiti ziwiri. Lachinayi ndinapempha mnzanga kuti andigwirire masana, ndipo 2:40 ndinamupeza ali pa tebulo ndi sangweji yake.

Ndinafunsa chifukwa chake sanamange dampa ya amuna anga. Anati zitsulo zamakono n'zabwino kuposa zakale, wandithandiza.

Ndinati galimoto ikunjenjemera. Anati magalimoto akale onse amatero, ndiko kukoma kwake.

Ndinati chimene mwamangacho n'chachifupi. Anati wanena ndani? Kompyuta ndi imene inasankha.

Ndinati chabwino, ndipatseni zitatu zanga ndizipita.

Apa m'pamene anatafuna kaye. Anameza. Anati zinthu zija zinalibe nambala, zinalibe pepala, panalibe njira yozizindikirira. Anati vuto ndi la amene anachotsa mapepala. Anati chitsulo chakale chosadziwika chimapita mu bini ya sikirapu, ya zitsulo zokasungunula, ndilo lamulo la pa galaja pawo, ndipo lole ya sikirapu imabwera Lachitatu lililonse.

Ndinafunsa kuti Lachitatu liti.

Anayang'ana kalendala. Anati la sabata yachiwiri.

Tawerengani nane. Sabata yachinayi, pamene ankandiuza kuti zonse n'chimodzimodzi, zinali zitapita kale. Lachisanu lija, pamene mtsikana ankati zili mu sitolo, bwana wapita ndi makiyi, zinali zitapita kale. Makiyi a chiyani? Sitolo yake iti?

Ndinati mundiuze lole imeneyo imapita nazo kuti. Anati sangapereke dzina la anthu amene amachita nawo bizinesi. Anati akumvetsa kuti ndili pa chisoni. Anati andichotsera mapaundi 40 ndikadzabweranso. Kenako anafunsa ngati pakhomo panga pali mwamuna wodziwa za magalimoto woti ayankhule naye.

Ndinati analipo.

Ndinatuluka. Sindinatukwane. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinachita bwino.

Mawu amene anandibaya ndi aja akuti vuto ndi la amene anachotsa mapepala. Ndinawasenza masiku awiri. Ndinkati mwinadi ndine ndinataya thukuta la amuna anga mu sinki. Loweruka a Mbewe anabwera ku kagalaja ndi jeke ndi masipanala awo. Asanagwire kanthu anaima n'kundiyang'ana.

“Amayi, ndikufunseni. Ine ndimakhala benchi yachitatu pa tchalitchi chomwecho. Mu Januwale simunandione?”

“Ndinkati inu mumadziwa mabasi okha, bambo.”

“Basi ilibe shafuti?”

Zoona zake n'zakuti ndinkaganiza kuti galimoto ya ku America imafuna mzungu. Ndikunena poyera kuti ena musachite ngati ine.

Anafunsa ngati malemu ankalemba. Tinasaka, tinapeza kope mu chitini cha mabisiketi pansi pa shelefu. Chakumapeto kwa kopelo amuna anga anajambula dampa. Analemba zinthu zitatu. Mano 28. Kutalikirana kwa makutu. Kutalika kwa kapaipi. Pansi pake analemba kuti yachitatu ndiyo, n'kudula mzere kawiri.

A Mbewe anamasula chitsulo chachifupi chija n'kundipatsa m'manja.

“Suzumirani m'kati mwa kapaipiko. Mukuona timizere? Amenewo ndiwo mano. Amalumana ndi a giyabokosi. Ikani choko pa limodzi, muwerenge kuzungulira mpaka mubwerere pa choko.”

Ndinawerenga. Ndinasokoneza pa 19, n'kuyambiranso. Anakwana 28.

“Tsopano makutu awiriwa, amene amagwira kamtanda, kachitsulo kolumikiza ndi shafuti. Ikani lula, muone kutalikirana kwake. Mukatero muyeze kapaipiko.”

Ndinayeza. Makutu anali bwino. Kapaipi kanaperewera pafupifupi masentimita anayi pa zimene amuna anga analemba.

A Mbewe anayang'ana wotchi. Mphindi zisanu ndi imodzi, kuphatikizapo kusokoneza kwanga.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6. Ndinachita pa mphindi zisanu ndi imodzi, ndi choko ndi lula ya mdzukulu wanga. Akatswiri a mbendera ndi chiwombankhanga anakhala ndi galimoto masabata asanu. A Mbewe anati kope silinkafunika n'komwe. Galimoto anali nayo. Giyabokosi anali nayo. Shafuti anali nayo. Kunali kungowerenga mano pa galimoto, n'kuwerenga pa madampa atatu, n'kuyesa imodziimodzi. Yolakwika sikanalowa, kapena sikanagwira kamtanda. Pepala limene ndinatsuka ine silinali ndi kanthu kamene chitsulocho sichikananena chokha.

Ndiye inu a galaja, ndikudziwa kuti wina akuwerengerani izi. Ndiyankheni.

Panalibe njira yozizindikirira, kapena panalibe wofuna kuwerama?

Ngati zinakukanikani, foni yanga munalibe? Si ine ndinkakuimbirani sabata iliyonse?

Ndani anakupatsani chilolezo chotaya katundu amene munthu wabwera naye atakulunga m'mathaulo? Zinyalala amazikulunga m'thaulo kwanuko?

Munandilola bwanji kukwera galimoto imeneyo ndi mkulu wa zaka 70, mukudziwa chimene mwamanga?

Mapaundi 40 anuwo khalani nawo. Ndikufuna dzina la malo amene lole ya Lachitatu imakatsitsa. Ndalemba makalata awiri. Loyamba simunayankhe. Lachiwiri munati nkhaniyi inatha. Inathera kuti?

Kwa inu abale anga, makamaka amayi amene mwatsala ndi zinthu za amuna anu. Chitsulo cha malemu musatsuke, ngakhale chide bwanji. Kapepala kalikonse komatidwa, kasiyeni. Jambulani ndi foni mbali zonse musanapereke kwa munthu. Musasiye zitatu pa galaja pamene ifunika imodzi. Akalemba pa kapepala, kapepalako tengani inu, asaike mu dirowa yawo. Ndipo musanakwere basi kukasaka katswiri wa pa chikwangwani, yang'anani kaye amene mumapemphera nawo.

Mayi Chirwa samandiyang'ananso m'maso. Ndinawauza kuti sizinachokere kwa iwo, koma Lamlungu lililonse amabwera ndi mandasi m'kontena n'kundisiyira pa benchi.

A Mbewe anandiuza mosabisa. Anati chitsulo chikapita ku sikirapu sichikhalitsa, mwina anasungunula kale. Anatinso nthawi zina anthu a kumeneko akaona chachilendo amachiika pambali kuti adzagulitse. Anati mwayi wake ndi wochepa. Ndinati ndamva.

Galimoto ili mu kagalaja, shafuti ili pambali pa makatoni. Sindiigulitsa. Loweruka sindigwira ntchito. Ndimakwera basi ya 8:20 kupita ku malo a sikirapu a m'mbali mwa mtsinje, m'chikwama muli tochi, choko, lula ndi kope la bambo a Tadala. Ndapita malo anayi. Pena amandibweza pa geti, pena amandibwereka nsapato zachitsulo n'kundilozera mulu. Ndikapeza chokhala ndi mkombero ndimachitembenuza, ndimaika choko pa dzino limodzi, n'kuwerenga.